Makava a zigamba za chitenge a mabuku a ana, ndasoketsa ndipo ndi abwino koma osati pa buku lililonse

Kwa anzanga amene muli ndi ana a sukulu muno mu Lusaka ndipo mwatopa nako kukavala mabuku ndi pepala la khaki temu iliyonse, ndati ndikuuzeniko za makava a nsalu amene akusoka mayi wina telala pa msika wa ku Mtendere. Ndi makava a zigamba, aja olumikiza tizidutswa ta chitenge totsala akamaliza kusoka madilesi ndi mashati a anthu. Ine ndinasoketsera ana anga, apita nawo kusukulu mvula yonse ya temu yoyamba, nyengo yozizira, mpaka fumbi la mu Seputembala, ndiye zomwe ndikulemba pano ndaziona ndi maso anga. Ndi abwino, ndalama yanga sinapite pachabe, koma musathamangire kusoketsa a mabuku onse a mwana chifukwa si buku lililonse lofunika kava ya nsalu ayi.

Chomwe chinandipangitsa ndi mwana wanga wamkulu, mtsikana, ali Grade 11. Mukudziwa kuti manotsi amene mwana amalemba mu Grade 10 amawafunabe polemba mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso muno mu Zambia, mu Grade 12, ndiye buku limodzi la Biology kaya Chemistry liyenera kukhala ndi moyo zaka zitatu, likulowa ndi kutuluka m'chikwama, likupanikizidwa mu minibasi, likubwerekedwa ndi anzake. Ndipo ndi silabasi yatsopanoyi, imene inayamba mu 2025 pamene ana amene akanapita Grade 8 anayamba kutchedwa Form 1, mwana amayenda kuchoka Form 1 mpaka Form 4, manotsi ake ndi a zaka zinayi. Mabuku akuluakulu aja a A4 a chikuto cholimba, a mapeji 192 kaya 288 kaya 384, sali otchipa, ndipo amayamba kufera pamsana ndi m'makona. Pepala la khaki limang'ambika pakona sabata yachiwiri, pulasitiki ukaika pamwamba imathandizako koma selotepu ikamva kutentha imamatuka n'kusiya zomatamata zakuda, kenako chikuto chimachoka, masamba oyamba n'kuyamba kuthothoka. Maphunziro aulere anabwera mu 2022, tinathokoza, fizi sitilipiranso m'sukulu za boma, koma mabuku olembamo, yunifomu, nsapato ndi chikwama zikadali pamutu pa kholo. Nde chilichonse chothandiza kuti buku lisafe msanga ine ndimachiyang'ana kawiri.

Malo awo ndi kashopu kakang'ono chabe, makina awiri, tebulo lodulirapo, ndi masaka awiri odzaza zidutswa pakona. Makina amodzi ndi amagetsi, ena ndi aja opalasa ndi mapazi a Butterfly, ndipo amenewa ndi amene anawapulumutsa mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, malaiti akumapita pafupifupi tsiku lonse. Nsimbi alinso nazo ziwiri, yamagetsi ndi yamakala. Ndikutchula nsimbi dala chifukwa pa ntchito ya zigamba nsimbi imagwira ntchito yofanana ndi makina, ndifotokoza pansipa.

Chinthu choyamba chomwe chinandikhazika mtima pansi ndi momwe anayezera. Ine ndinafika n'kungonena kuti amayi ndikufuna makava a mabuku a A4, ndimaganiza kuti saizi ndi imodzi basi. Iwo anakana, akuti asisi bweretsani buku lenilenilo, A4 ndi A4 inde koma msana umasiyana. Zoona, A4 ndi masentimita 21 m'lifupi ndi 29.7 m'litali, koma chikuto cholimba chimapitirirako pang'ono, ndipo buku la mapeji 384 msana wake ndi wonenepa kuposa la 192. Nditabweretsa, anatenga tepi, analitseka bukulo, n'kuzunguliza tepi kuchokera m'mphepete mwa chikuto chakutsogolo, kudutsa pamsana, mpaka m'mphepete mwa chakumbuyo, lili chotseka choncho. Ndinafunsa kuti bwanji osalitambasula patebulo n'kuyeza bwinobwino. Anati ukayeza lili lotsegula muyeso umachepa, kava imakwana bwino buku likakhala chitsegukire koma mwana akafuna kulitseka limakana, limangokhala kukamwa yasa, ndipo akalikakamiza msana umasweka. Anandionetsa pomwepo ndi tepi, kusiyana kwake kumaoneka ndithu. Pamwamba pa muyesowo anawonjezera malo a msoko ndi kampata kakang'ono koti buku lizilowa mosavuta, kenako masentimita ngati 8 mbali iliyonse a timatumba tija tolowetsamo chikuto. Munthu amene amayeza choncho ndi woti ntchitoyi anaiganizira.

Manje zigambazo. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi kungotola nsalu zilizonse m'saka n'kulumikiza, ayi ndithu. Amayiwa amayamba asankha zidutswa zolemera mofanana, chitenge ndi chitenge chinzake, osati chitenge kulumikiza ndi kansalu kopyapyala ka layiningi ya dilesi kapena nsalu yotamuka ya tisheti, chifukwa ina imakoka inzake ndipo kava imapindika, msoko n'kuyamba kumasuka pamene pakumana yolimba ndi yofewa. Akasankha amazichapa kaye zonse ndi kuziyanika. Chifukwa chake n'choti chitenge cha thonje chimabwerera chikalowa m'madzi koyamba, ndiye ukasoka usanachape, tsiku lomwe kholo lichape kava ija imatuluka yaing'ono buku osalowanso. Komanso chitenge chatsopano chimakhala ndi sitachi uja wochilimbitsa kuti chizioneka chonenepa m'shopu, ukachapa m'pamene umaona nsalu yeniyeni.

Akatero amadula timabokosi tofanana kapena timizere, ali ndi kakatoni kolimba komwe amayezera kuti tonse tikhale saizi imodzi. Amalumikiza tiwiritiwiri, kenako mzere wonse, kenako mizere kuilumikiza pamodzi, ndipo msoko uliwonse akangosoka amausita kaye asanapitirize. Ndinakhala pabenchi ndikuona, amasoka kamzere, kudzuka, kusita, kukhalanso, kusoka, kudzukanso. Ndinawafunsa kuti amayi simutopa, bwanji osasita pamapeto kamodzi. Anandipatsa kava ina yomwe anasoka mwana amene akumuphunzitsa ntchito, yosasita misoko, ndigwire. Munali timabampu mkati monsemo, ndipo anati mwana akamalemba tsamba loyamba kapena lomaliza, mabampu amenewo amamveka pansi pa bolopeni, zolemba zimakhota. Yawo ukaisisita ndi chikhatho ili see, makona a timabokosi akumana pamodzi ndendende. Apa ndi pomwe ndinaona kuti mtengo wawo uli ndi chifukwa.

Mkati amaikamo layiningi yobisa misoko yonse kuti ulusi usamakodwe ndi makona a buku. Layiningiyo nthawi zambiri ndi mashati aamuna a salaula, zovala zovalidwa kale zija, aja a thonje amene kolala inatha kapena ali ndi banga moti palibe angagule kuti avale, amakawatenga motchipa ku msika wa Soweto. Pa makava a anyamata amaika jinzi yakale pamsana ndi m'makona, ndipo kunena zoona amenewa ndi amene alimba kuposa onse. Ya mwana wanga wamwamuna, amene chikwama chake amachiponya pansi akafuna kumenya bola, mpaka pano msana uli bwinobwino. Ndikanakonda akanaika jinzi pamsana pa makava onse olo a atsikana, chitenge pamsana chimayamba kuyera msanga chifukwa m'pamene pamakhuzika kwambiri.

Pali nkhani ya mtundu wa chitenge yomwe ndikufuna muimvetse musanasoketse, kaya kwa amayiwa kaya kwa telala wina kwanuko. Amayi athu amatiuza za nthawi imene chitenge chinkapangidwa konkuno, ku Kafue Textiles ndi ku Mulungushi Textiles ya ku Kabwe, thonje lake lolimidwa ndi alimi athu omwe, kwathu kum'mawa ku Katete ndi ku Chipata thonje timalidziwa bwino. Mulungushi inaima mu 2007, ndipo zitenge zambiri zomwe timagula ku Kamwala ndi zochokera kunja, zina za thonje lenileni, zina zosakaniza ndi poliyesita, makamaka zotchipa zija zonyezimira. Pa dilesi mwina sizivuta, koma pa zigamba poliyesita imaterera posoka, siigwira nsimbi bwino, ndipo nsimbi ikatentha kwambiri imakwinyika. Amayiwa ali ndi njira yawo yodziwira, amasolola kaulusi m'mphepete n'kuyatsa ndi machesi. Ka thonje kamapsa n'kusanduka phulusa lofewa, fungo ngati pepala lapsa, pomwe ka poliyesita kamasungunuka n'kupanga kampira kolimba kakuda. Anayesa pamaso panga ndi zidutswa zomwe ndinabwera nazo kuchokera kunyumba, ziwiri anazibweza, akuti izi asisi kapangireni zina.

Eya, mukhoza kubweretsa nsalu zanu, ndipo ine iyi ndi mbali yomwe ndinaikonda maningi. Ndinali ndi zotsala za chitenge cha kitchen party ya mng'ono wanga, china cha ku tchalitchi, ndi chitenge chakale cha agogo awo a anawa chomwe chinang'ambika pakati koma m'mbali chikadali cholimba. Mtsikana wanga anasankha yekha zoti zipite pa buku liti. Buku la Maths analiika zobiriwira zambiri, la Biology zofiira ndi zachikasu, moti m'mawa akamalongedza sachita kutsegula buku lililonse kuti aone, amangoona mtundu n'kuponya m'chikwama. Ndipo m'kalasi mwa ana ambirimbiri ngati momwe zilili m'sukulu za boma masiku ano, aphunzitsi akatolera mabuku kukachonga, mulu wonse uli khaki yekhayekha, lake limadziwika patali. Kubedwa kwa manotsi nthawi ya mayeso ikayandikira ndi nkhani yomwe kholo lililonse la mwana wa sekondale limaidziwa, buku lotere ndi lovuta kuliba chifukwa kalasi yonse imadziwa mwini wake. Inde wakuba akhoza kuvula kava n'kutaya, nde dzina lembanibe mkati mwa buku momwe.

Pa dzina, amasokerapo kansalu koyera kutsogolo koti mulembepo ndi maka dzina, giredi ndi phunziro. Apa ndili ndi dandaulo pang'ono. Kava imachoka, ndiye buku likadzaza umaivula n'kuveka lina, ndiwo ubwino wake waukulu, koma ukalemba kale Grade 11 Biology ndi maka osafufutika ndiye kuti yamangika pamenepo. Ndinawauza kuti bola azisokapo kawindo ka pulasitiki yoonekera koti uzilowetsamo kapepala, chaka chikatha n'kusintha. Anati pulasitikiyo imang'ambika pamsoko ikakhalitsa, komabe anavomera kuti ayesa kwa amene wapempha. Pakadali pano ine ndimalemba dzina lokha pansalupo, phunziro ayi.

Mtengo, pamene ndinkasoketsa ine, inali K60 ya A4 ndi K35 ya mabuku ang'onoang'ono a A5, ukabweretsa nsalu zako amachotsako pang'ono. Kawindo, lastiki yomangira buku kuti lisatseguke m'chikwama, kapena kathumba ka bolopeni, amawonjezera kangachepe. Amalandira kashi, Airtel Money ndi MTN, ndipo amafuna theka poyamba. Mitengo ya zinthu mukuidziwa momwe ikusinthira, mukafunse nokha. Ena amva K60 anena kuti yadula, pepala la khaki ndi ndalama zingati. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndanena poyamba paja kuti si buku lililonse. Mwana wanga wamng'ono ali Grade 3, timabuku take ta mapeji ochepa timadzaza temu isanathe, tina amataya, tina amang'amba pakati kupanga ndege. Kumusokera kava ya K35 pa kabuku kotero ndi kutaya ndalama, komanso timabuku topyapyala tija chikuto chake ndi chofewa, kava ya nsalu imachilemera n'kumachipinda. Ndinamusoketsera imodzi chabe kuti asalire poona akulu ake, ndipo ndi yomwe yagwira ntchito mochepa pa onse. Kwa ana a pulaimale ya m'munsi pitirizani ndi khaki ndi pulasitiki. Nsalu isungireni mabuku akuluakulu a chikuto cholimba, a manotsi okhalitsa, dikishonale, atlasi, Baibulo kapena buku la nyimbo la ku kwaya, ndi mabuku owerenga amene mukufuna adzagwiritsenso ang'ono ake.

Zomwe sizinandisangalatse ndinenenso, chifukwa ndikangoyamikira zokhazokha ndikunamizani. Choyamba ndi nthawi. Ndinapita mu Januwale sukulu zili pafupi kutsegulira, nthawi yomwe telala aliyense mu Lusaka wakwiririka ndi mayunifomu, ndipo tsiku lomwe anandiuza silinakwaniritsidwe, ana anayamba sukulu mabuku ali osavala. Ndikumvetsa kuti yunifomu ndi imene imawapatsa ndalama yeniyeni ndipo kava imodzi ya zigamba imadya nthawi yambiri, koma bola kundiuza zoona poyamba kuti asisi izi zitenga masabata awiri kusiyana ndi kundiuza mawa mawa. Mukafuna pitani mu Disembala sukulu zikangotseka, kapena pa holide ya mu Epulo ndi ya mu Ogasiti, nthawi imeneyo amakhala ndi mpata ndipo amasoka modekha.

Chachiwiri, kava imodzi inasuluka. Munali kachidutswa kofiira kwambiri, nditachapa mtundu unalowerera pa kansalu koyera ka dzina n'kukasandutsa kapinki. Ndinabwerera nayo, anaiyang'ana, anavomera kuti kameneko kanachokera m'saka la zomwe zinali zisanachapidwe, anachotsa kansalu koyerako n'kusokapo kena osandilipiritsa. Sanakangane nane olo pang'ono, ndipo zimenezo kwa ine ndi zazikulu, tonse tikudziwa momwe zimakhalira pena ukabweza katundu pamsika. Komabe muwafunse mwachindunji ngati zofiira ndi zabuluu wakuda zachapidwa, ndipo kuchapa koyamba chapani payokha m'madzi ozizira.

Chachitatu si vuto la amayiwa koma la nsalu imene. Nsalu si pulasitiki, madzi amalowa. Kamvula kowaza kapena botolo la madzi likadontha pang'ono m'chikwama, kava imamwa madziwo buku n'kupulumuka, izi zinachitika ndipo masamba anali ouma. Koma chimvula chenicheni cha mu Januwale ndi Febuluwale, chija chimadzaza misewu ya ku Kanyama ndi m'makomboni ena mwana n'kufika kunyumba ali chonyowa mpaka m'chikwama, kava imanyowa n'kusunga chinyontho pa buku. Mukapanda kuivula msanga chikuto chimafufuma ndipo chimachita chuku. Nde nthawi ya mvula mabuku azilowabe m'pulasitiki m'chikwamamo, ndipo ikanyowa ivuleni usiku womwewo muyanike payokha, buku payokha. Fumbi nalonso imagwira, miyezi ya mphepo ija imada msanga makamaka zigamba zowala, koma apa bola chifukwa imachapika, ndimachapa pa holide n'kusita, ikauma bwinobwino n'kubwezeretsa.

Chinthu china chofunika kwambiri, funsani kaye kusukulu. Aphunzitsi ena, makamaka ku pulaimale ndi m'sukulu zina zolipira, amafuna mabuku onse akhale a khaki ndi pulasitiki, ena mpaka amanena mtundu wa pepala pa phunziro lililonse. Kwa mtsikana wanga wa ku sekondale palibe anadandaula, mphunzitsi wina wamkazi anachita kumufunsa komwe anasoketsa. Koma kwa wamng'onoyo madamu ake anati buku la homuweki likhale la khaki ngati anzake onse, ndiye kava ija inasamukira pa buku lake la nthano la kunyumba. Musasoketse khumi kenako n'kukamva kuti sizololedwa. Komanso muonetsetse zomwe zajambulidwa pa zidutswazo, m'masaka a atelala mumakhala zotsala za zitenge za zipani za ndale zokhala ndi nkhope za anthu ndi zizindikiro, zimenezo pa buku la mwana wa sukulu ayi, zingamubweretsere mavuto opanda pake. Amayiwa amazipatula okha koma kuyang'ana n'kwabwino.

Kwa amene muli ndi makina kunyumba kapena mumatha kusoka pamanja, ntchitoyi mukhoza kuiyesa, si yovuta kumvetsa, imangofuna kudekha. Atelala ambiri zidutswa amangotaya kapena kuotcha, mukapempha bwino amakupatsani kapena kukugulitsani kathumba motchipa. Yambani ndi timizere m'malo mwa timabokosi chifukwa timizere sitifuna kuti makona akumane. Msoko usachepere sentimita imodzi, chitenge chimayoyoka m'mphepete ndipo msoko wopyapyala umaphulika buku likamatsegulidwa tsiku ndi tsiku. Pakamwa pa timatumba tolowetsamo chikuto bwerezani kusoka kawiri katatu, m'pamene pamayamba kung'ambika mwana akamavula ndi kuveka. Ine ndinayesako imodzi pa holide ndi mtsikana wanga, inatitengera masana onse, ndipo kuyambira pamenepo K60 ija sindiionanso ngati yambiri.

Mukapita kwa amayiwa kapena kwa telala wina aliyense, nyamulani buku lenilenilo, ndipo polandira musangoyang'ana kukongola kwa kunja. Lowetsani buku pomwepo, litsekeni muone ngati likutsekeka lonse osakoka, litseguleni pakati muone ngati likugona pansi, tembenuzani kathumba muone ngati misoko yabisika, kokani pang'ono pamene zigamba zakumana muone ngati ulusi ukuonekera. Ine ndabwererako kale kukasiya mabuku awiri a mnyamata wanga amene akulowa Form 2, ndawapempha jinzi pamsana ndi m'makona onse anayi, lastiki, ndi kawindo ka dzina kaja kuti tione ngati kalimbe. Ndawauza kuti asafulumire, bola akhale okonzeka sabata imodzi sukulu zisanatsegulire.